Mpweya wa m'Botolo Unatsikira Laisoni m'Chitsime

Azakhali anga, amene anandilera kwa Khwethemule, anandichenjeza ndili mtsikana. Anandipeza nditakanikiza diso pa mpanda wa eni ake, anandigwira khutu n'kunena kuti, "Iwe Eluba, maso akowa ndi aatali. Tsiku lina udzaona chinthu choti kumeza sungathe, kulavula sungathe." Azakhaliwo anapita kalekale, ine tsitsi layera, koma maso aja sanafupike.

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye, owerenga nokha ndi inu amene ana akukuwerengerani. Ndine Eluba, agogo aja a nyumba yomaliza, pamene mizere ya tiyi imathera n'kuyamba minda ya anthu. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mwana wanga Laisoni anakomokera pansi pa chitsime ine ndili pamwamba, ndikumuona koma osatha kumufikira. Ndikufunanso ndikuuzeni za chinthu chimene Mulungu anamutulutsira nacho, chifukwa mpaka lero ndikachiganizira ndimadabwa.

Muyambe mwadziwa kuti ine sindikhulupirira munthu. Ena mumandinena, ndimamva. Ndinathyola tiyi pa esiteti kuyambira ndili ndi mwana woyamba kumsana, ndipo pa sikelo ndinkayang'ana singano, osati mano a kalaliki. Chakudya cha pamaliro sindidya ngati sindinaone amene waphika. Ndinabereka ana asanu. Anayi ndinawaperekeza kumanda m'zaka zija matenda ankalowa nyumba ndi nyumba, ndipo pa maliro alionse panali anthu olira mokweza amene kutacha ankafunsa za malata. Anawo anandisiyira zidzukulu. Wotsala anali Laisoni yekha, amene anakwatira kuseri kwa phiri ndipo ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi. Iyeyo ndiye anali malume wa ana onsewo, ndiyenso woti adzandiike ine m'manda.

Tsidya lina la khwawa, moyang'anizana ndi khomo langa, kunkakhala a Saidi, Msilamu, bambo woonda wosalankhula zambiri. Mwana wawo ankayendetsa lole yonyamula nthochi kupita nazo ku Limbe. A Saidi eni akewo anagwira ntchito zaka zambiri pa damu la esiteti, ndipo anthu ankawatcha a Katumbu. Ndikamathyola tiyi pa mtunda wa pamwamba pa damulo ndinkawaona bwinobwino. Ankavala chinachake kumsana, n'kulowa m'madzi pang'onopang'ono mpaka mutu kumira. Pamwamba pankangotsala thovu, likuyenda, kuima, kubwerera. Anzanga ankapitiriza kuthyola, ine manja ankaima okha, mpaka kapitawo kundikalipira. Munthu angakhale bwanji pansi pa madzi nthawi yoti wina n'kudzaza theka la basiketi, kenako n'kutuluka wamoyo, akupempha tiyi wotentha? Ena ankati ali ndi mankhwala a kwawo. Ine sindinavomere, sindinakanenso. Funso langa ndinangolisunga.

Ndiye kunabwera nyengo ija ya mphekesera za anamapopa, mukuikumbukira. Anthu ankagona panja m'magulu, ndipo mlendo wonyamula chikwama ankafunsidwa mafunso ndi anthu ogwira miyala. M'mawa wina ndikudula masamba a nthochi m'khwawa, ndinaona a Saidi atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba yawo, pamthunzi. Patsogolo pawo panali mabotolo awiri achitsulo, msinkhu wa mwana woyamba kuyenda, utoto wake utasupuka. Pamiyendo anali ndi mapaipi awiri akuda a labala, amizeremizere ngati bongololo, ndipo ankawapaka paudala wa makanda, modekha, ngati akusamala khanda lenileni. Mapaipi, mabotolo, munthu wosalankhula: zonse zimene anthu ankanena zinali pamphasa imodzi.

Sindinauze munthu. Masiku amenewo mawu amodzi ankatha kuotcha nyumba, ndipo ndinkadziwa kuti amene ndingamuuze akathamanga nazo, zikavuta adzati, "Anena ndi agogo Eluba." Komanso ndinkafuna kudziwa ndekha, osati za m'kamwa mwa wina. Kutacha ndinaika nthochi zakupsa m'lichero ngati wogulitsa, n'kuwoloka khwawa.

"Nthochi ife tili nazo zodzaza lole, mayi," anatero a Saidi. "Mwabwerera zija munaona dzulo. Masamba sagwedezeka okha kopanda mphepo."

Ndinakhala pansi patali pang'ono, pamalo poti ndikhoza kudzuka msanga, ndipo ndinawafunsa kuti m'mabotolomo muli chiyani.

"Mpweya."

"Mpweya wa mtundu wanji?"

"Womwewu mukupumawu. Anangoupanikiza wambiri pamalo ochepa, ngati mmene mumakanikizira masamba m'basiketi kuti alowe ambiri."

Anapotokola kachitsulo ka pamutu pa botolo, ndipo munatuluka phokoso la psii limene linabalalitsa nkhuku. Ndinatambasula dzanja. Unali wozizira, wopanda fungo, wopanda mtundu. Ndinanunkhiza chikhatho changa, ndinayang'ana ngati pali kadontho kofiira. Panalibe.

Tsiku limenelo ndinafunsa mpaka dzuwa linafika pamutu. Zipangizozo zinali zakale kuposa ana awo. Anabwera nazo mzungu wina amene ankayang'anira damu, ndipo anaphunzitsa a Saidi kumira kuti azikachotsa matope ndi zinyalala zikatseka paipi yotulutsa madzi. Mzunguyo anapita kwawo, mabwana anasinthasintha, ndipo wina atafuna kuzitaya ngati zitsulo zakutha, a Saidi anazipempha. Damu likatseka ankawaitanabe, ngakhale anali atapuma ntchito. Mpweya ukatha, mwana wawo ankatengera mabotolowo pa lole ku Blantyre kumene kuli makina odzazira. Paudala uja anali woti labala asaume n'kung'ambika. Pamene panabooka anamatapo chigamba cha chubu cha njinga. Panali kabokosi kachitsulo kozungulira, ngati chitini chachikulu cha polishi wa nsapato, kamene kamachepetsa ukali wa mpweya kuti usaphulitse chifuwa. Paipi imodzi imabweretsa mpweya kukamwa, inayo imachotsa umene wapuma kale. Panalinso galasi lozungulira lotchinga maso ndi mphuno. Zonsezi ankazisunga m'bokosi lachitsulo, kubisa dzuwa ndi makoswe.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti watsala pang'ono kutha, poti simuuona?"

"Zatsopano akuti zili ndi wotchi yake. Izi zimandiuza ndi chifuwa. Kupuma kukayamba kulimba, ngati ukuyamwa phala ndi bango, ndimakoka kawaya aka." Anandionetsa kawaya kotsika m'mbali mwa botolo. "Kamatsegula wotsala, wongokwanira kutulukira. Ukakoka aka, zocheza zatha."

Anandiuza kuti ndiike pakamwa ndiyese. Ndinakana. Anaseka n'kunena kuti, "Inu a Sabata ndi ife Asilamu tonse nkhumba sitidya, mukuopa chiyani?" Ndinati nkhumba ndi nkhani ina. Ndinabwerera kwathu ndi nthochi zanga, ndipo kuyambira tsikulo tinkapatsana moni wa patali, basi. Sindinganene kuti ndinawakhulupirira. Ndinangodziwa zimene zinali m'bokosi mwawo.

Chilimwe chotsatira mjigo wa m'mudzi unawonongeka, ndipo anthu anabwerera kukatunga kumtsinje kumene ena amachapa matewera. Zidzukulu zinayamba kutsegula m'mimba. Ndinauza Laisoni kuti ndikufuna chitsime changachanga kuseri kwa nyumba, madzi oti ndikudziwa kumene achokera. Anatenga tchuthi ku fakitale, anabwera ndi mnzake Fanuwelo, ndipo anayamba kukumba, wina pansi, wina pamwamba pa ndowa, kusinthanasinthana. Linatuluka dothi lofiira, kenako lachikasu, kenako lonyowa loti ukalifinya limagwirana. Dzenje linazama mpaka munthu wa pansi ankaoneka ngati mwana. Ndiye anagunda thanthwe.

Okumba zitsime kuno ali ndi njira yawo. Amaunjika nkhuni za bulugama ndi matayala akutha pa thanthwelo, amayatsa moto, ndipo ukayaka mokwanira amathira madzi ozizira kuchokera pamwamba kuti mwala ung'ambike. Akatero amalisiya dzenjelo lipume masiku angapo. Moto unayatsidwa Lachinayi. Lachisanu masana anathira madzi, nthunzi inatuluka ngati pa fakitale, ndipo tinamva kuthetheka pansi. Ine ndinali kukhitchini ndikuphika kalongonda wa pa Sabata. Mwana wanga anayang'ana dzuwa. Likalowa, Sabata layamba, nyundo siigwiridwa. Sande ankayenera kubwerera kwa mkazi wake, tchuthi chatha, ndipo sankafuna kuchoka asanadziwe ngati ntchito yake yapindula.

"Ndingokaona ngati wang'ambika, amayi," anatero. "Utsi watha, onani nokha."

Ndinaona ndekha. Ndinagwada, ndinasuzumira, ndinanunkhiza. Utsi wooneka unalidi utatha, kunangotsala fungo la tayala. Ndinamuuza kuti dzenje limenelo sindikulikhulupirira. Anaseka nati, "Amayi, nanga inu mumakhulupirira chiyani?" Anatsika akuponda m'timaenje timene anasema m'khoma, nyundo ili m'lamba, chingwe chili m'manja osati m'chiuno.

Nyundo inalira kangapo, kenako inasiya. Fanuwelo anaitana, ndipo Laisoni anayankha kuti mutu ukuzungulira, apume kaye. Nditasuzumira ndinamuona atakhala pansi, atatsamira khoma, miyendo atatambasula ngati munthu wochokera kumowa, iye amene mowa sanaulawepo. Tinamugwedezera chingwe kumaso kuti adzimange. Anachigwira, anachizunguliza pa dzanja, chinapulumuka. Anachiyang'ana ngati sakudziwa ntchito yake. Ndinamuitana ndi dzina la ubwana wake, limene ndinali ndisanalitchule zaka zambiri. Anadzutsa mutu pang'ono, kenako unagwera pachifuwa.

Fanuwelo anali atalowetsa kale mwendo umodzi. Ndinamugwira lamba ndi manja onse awiri. "Chimene chagwetsa mnzako chikudikira iwenso. Ukatsika ndikhala ndi mitembo iwiri, ndipo amayi ako ndikawauza chiyani?" Analimbana nane akulira, koma manja othyola tiyi salekerera msanga. Amayi ochokera ku sikelo ya masana anamva phokoso, anayamba kufika mabasiketi ali kumsana. Wina anati tithire madzi, wina anayamba kukupiza pakamwa pa dzenje ndi lichero, wina anali atayamba kale kulira maliro.

Abale anga, sindinaonepo mdima ngati wa masana amenewo. Mwana wanga anali pafupi, ndikuona chipewa chake, ndikuona chala chake chikugwedezeka, koma pakati pa iye ndi ine panali chinthu chosaoneka chimene chimagwetsa aliyense wodutsamo. Ana anga enawo ankadwala miyezi, ndinkawasambitsa, ndinkawamwetsa phala, tinkatsanzikana. Uyu anali atadya mbatata pakhomo panga m'mawa womwewo, ali wamphamvu, akuseka. Ndinagwada pa mulu wa dothi lofiira lija. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, "Ambuye, anayi munatenga, sindinakufunseni. Uyu ndiye wondiika m'manda. Mukamutenga, ana awa ndiwasiyira ndani?" Mawu ena ndinalibe.

Ndili chigwadire, funso linabwera m'mutu mwanga, lofanana ndi mafunso anga a masiku onse. Ngati botolo lija limanyamula mpweya kupita nawo pansi pa madzi kumene kulibe mpweya, lingalephere kuunyamula kupita nawo m'dzenje? Yankho sindinkalidziwa. Ndinali ndisanamvepo kuti wina anachita zotere. Koma ndikhulupirira kuti funso limenelo silinachokere kwa ine. Ndinauza amayi awiri kuti amugwire Fanuwelo, ndipo ndinathamanga. Ine amene ndinkatsika khwawa lija ndi ndodo, tsiku limenelo sindikumbuka kuti ndinaliwoloka bwanji.

A Saidi anali atangobwera kuchokera kumzikiti, ali mu mkanjo woyera, akusamba m'manja kuti adye. Ndinawauza mwachidule. Anaima, madzi akudontha m'zala.

"M'madzi ndimadziwa, mayi. M'dzenje la utsi sindinalowemo."

"Mulowa lero."

"Botolo lina ndinapita nalo ku damu, silodzaza. Komanso mukudziwa zimene anthu anene akandiona ndi zimenezi."

"Nditsogola ndine. Anene ine."

Analowa m'nyumba n'kukoka bokosi lija. Ndinavula mpango wa kumutu, ndinapinda nkhata, ndipo botolo limodzi ndinasenza. Linali lolemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Linalo ananyamula okha paphewa, mapaipi ali m'khosi, chingwe chawo cha ku damu chili m'manja.

Titafika pa chitsime anthu anapatuka, ena anabwerera m'mbuyo atagwira ana awo. Bambo wina wa pa msika anati, "Si zopopera magazi zija izi?" ndipo ndinaona maso ake akupita pamene panali miyala yochokera m'dzenje. Ndinatula botolo pamapazi pake.

"Magazi ake ati, anu a kachasuwo? Gwirani chingwe apo."

Amayi ena anaseka ali m'misozi, ndipo bamboyo anagwiradi.

A Saidi sanataye nthawi ndi anthu. Anamanga botolo limodzi ku chingwe cha ndowa, analitsegula, n'kulitsitsa likulira psii mpaka linakhala pambali pa mutu wa Laisoni. Phulusa linauluka m'dzenjemo, fungo la tayala linakwera n'kutitsokomoletsa tonse. Ndinaona kuti lodzaza apereka kwa mwana wanga, iwo atsala ndi losadzaza lija. Anavula mkanjo, anaupinda, anandipatsa ine. Anamanga malamba a botolo kumsana, anavala galasi, chingwe chawo anachizunguliza m'khwapa. Mfundo yake ndinaikoka ndekha kuti ndione ngati yagwira.

"Ndikagwedeza chingwe cha mwanayo, kokani osaima," anatero. Kenako anayang'ana ine. "Mafunso musandifunse, mayi, pakamwa pakhala podzaza."

Analuma labala uja n'kutsika. Botolo linkakhula khoma, dothi likugwa. Amayi a mabasiketi anafola pa zingwe ziwiri, zidendene atazikumbira pansi, Fanuwelo ali kutsogolo. M'dzenjemo munkamveka kupuma kwa a Saidi, kokulitsidwa ndi makoma: kukoka kolira ngati mluzu, kutulutsa kwa phuu. Ndinagona chafufumimba m'mphepete, mkanjo uli pachifuwa, ndikumvetsera. Ndinawaona akuwerama movutika chifukwa malo anali ochepa, akunyamula mkono wa Laisoni, ukugwa, akuunyamulanso. Munthu wokomoka amalemera ngati thumba la feteleza lonyowa, ndipo iwo anali nkhalamba.

Ndiye kupuma kuja kunasintha. Kukoka kunatalika, kunalimba, ngati munthu woyamwa phala ndi bango. Pa anthu onse amene anali pamenepo, ndine ndekha amene ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinaona dzanja lawo likusiya chingwe, likufufuza m'mbali, likuphonya, likufufuzanso. Ndinaluma mkanjo wa eni ake. Kenako kupuma kunamasuka. Anali atakoka kawaya, koma mfundo ya pa mwana wanga inali isanathe, ndipo m'malo mokwera anaweramanso. Ndinanena chamumtima kuti, Ambuye, amene munauzira mpweya m'mphuno mwa munthu woyamba ndinu, onjezerani pang'ono apa.

Chingwe chinagwedezeka. Amayi aja anakoka monga sindinaonerepo, akubwerera cham'mbuyo mpaka m'munda wa chinangwa. Laisoni anatuluka mutu uli lende, wakuda bii ndi mwaye, thovu lili kukamwa. Tinamugoneka cham'mbali pamphepo. Enawo anakoka a Saidi, amene atafika pamwamba analavula labala uja n'kukhala pansi, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndinaika tsaya langa pamphuno pa mwana wanga. Kwa kanthawi sindinamve kanthu. Kenako kampweya kofunda kanandikhudza, kochepa ngati ka mwanapiye.

Lole ya mwana wa a Saidi inali pa msewu ikupakira nthochi. Anatsitsa mikoko ina, tinamugoneka Laisoni pa masamba, ulendo wa kuchipatala ku Makwasa. Dzuwa linalowa tili m'njira pakati pa minda ya tiyi, ndipo Sabata limenelo ndinalilandira pamwamba pa lole ya Asilamu, mutu wa mwana wanga uli pamiyendo. Kuchipatala anamuveka chophimba mphuno ndi pakamwa, chokhala ndi kapaipi kochokera ku botolo lalitali. Ndinafunsa anamwino ngati mpweya wake ndi umodzimodzi ndi wa anthu omira m'madzi. Anati ayi, uwu ndi wina, wosefedwa, wamphamvu. Anandiuzanso kuti moto ukayaka m'dzenje umadya mpweya wabwino n'kusiya woipa, wopanda mtundu, umene suchoka msanga wokha. Ndinafunsa kuti nanga woipawo ukalowa m'magazi umatulukamo bwanji, ndipo kodi botolo lawolo ali nalo kawaya. Ndinafunsa mpaka anandipempha mwaulemu kuti ndikakhale pa benchi.

Laisoni anatsegula maso m'mawa wa Sabata, mkazi wake atangofika kumene ndi mwana kumsana. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi mawu osasa, "Amayi, mwala uja wang'ambika?" Ndinamumenya pa mwendo, ndipo ndi pamene ndinalira, chifukwa dzulo lake lonse misozi inali isanapeze mpata.

Mutu unamuwawa milungu ingapo, ndipo poyamba ankaiwala pamene waika zinthu, koma anachira n'kubwerera ku fakitale. Chitsime anamaliza ndi anthu ena, ine ndili pampando pambali pawo. M'mawa uliwonse asanatsike ankayamba atsitsa nyali ya koloboyi yoyaka, ndipo chingwe ankamanga m'chiuno ine ndikuona. Mwala unali utang'ambikadi, madzi anali pansi pake pomwepo. Botolo lija linatsala pansi analitulutsa lopanda kanthu, lakuda, ndipo a Saidi analitsuka n'kulibwezera m'bokosi. Anthu amene kale ankalambalala khomo lawo anayamba kupita kukaona zipangizozo. Bambo wa pa msika uja ndiye ankafotokozera anzake mmene zimagwirira ntchito, ngati anabadwa nazo.

Ine ndinawapititsira tambala wamoyo kuti akazinge okha monga mwa chipembedzo chawo, pamodzi ndi mkanjo wawo wochapa, ngakhale pamene ndinaluma panatsala timabowo. Anayang'ana timabowoto, kenako anayang'ana ine. Ndinawafunsa ngati ankachita mantha pansi paja. Anati, "M'madzi ukatopa, madzi amakukweza. Dzenje silikweza munthu." Ndinawafunsanso chifukwa chimene sanakwerere atakoka kawaya, poti anandiuza okha kuti ukakoka, zocheza zatha. Anati, "Nanga ndikanatuluka ndekha, inu mukanandisiya ndi moyo?"

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga labala wakale uja zaka zonsezo, m'manja mwa munthu wa chipembedzo china, tsidya la khwawa langa, kudikira masana amodzi. Ndikuthokoza a Saidi, amayi a mabasiketi amene ena mayina awo sindiwadziwa, ndi anamwino amene anapirira mafunso anga. Ndimadzifunsabe: bwana uja akanataya zitsulozo, kapena khoswe akanaboola paipi, kapena likanakhala tsiku lina a Saidi ali ku damu, zikanatha bwanji? Chinthu chimene anthu anachipangira nsomba ndi matope chinadziwa bwanji njira ya m'chitsime mwanga? Mafunso amenewa palibe munthu wondiyankha, ndawasiya kwa Mwini wake.

Inu amene mwaima m'mphepete mwa dzenje lanu lero, kaya ndi matenda, kaya ndi mwana wosochera, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lituluke lokhota ngati langa. Limbikani. Thandizo lanu mwina lili m'bokosi la munthu amene mumangomupatsa moni wa patali. Ndipo inu okumba zitsime, mukayatsa moto pansi, dikirani. Sabata lidzabwera n'kupita, mwala suthawa. Mnzanu akagwa m'dzenje lotere musamulumphire ndi chifuwa chokha, itanani thandizo.

Tsopano a Saidi miyendo inawavuta, ana awo anawatengera ku Bvumbwe pamodzi ndi bokosi lawo, ndipo tsidya lija utsi sufukanso. Zidzukulu zakula, zina zili kusukulu, zina ku Limbe. Laisoni amabwera mwezi ukatha, wanenepa, imvi zayamba, koma pakati pa mwezi m'patali kwa munthu wa msinkhu wanga. Ndiye ndikupempheni, inu a mpingo ndi inu odutsa popita ku sikelo, muzindizonda. Mukaona dzuwa lakwera chitseko changa chili chitsekere, musangodutsa. Imani pabwalo, odirani, tchulani dzina lanu ndi la amayi anu. Ndikachedwa musachoke, ndi mawondo. Mpando ulipo, madzi ozizira aliponso, koma ndikutungirani ndekha, chifukwa kiyi wa pa chitsime sindipatsa munthu.